Masuti anga pachingwe aitanitsa ankhoswe

Aphungu,

Ndine bambo wa ana awiri, mkamwini kuno ku Lirangwe. Ndimagwira ntchito pakampani ina ya inshuwalansi mumzinda wa Blantyre. Nthawi ya Covid mabwana anati tizigwirira kunyumba, ndiye ine ndi mkazi wanga Tawina tinasiya nyumba ya lendi ku Chirimba n'kubwera kwawo kuno. Apongozi anatilozera malo, tinamanga kanyumba kathu, n'kuika sola padenga.

Ndisaname Aphungu, moyo wakhala ukukoma. Netiweki imagwira bwino patsinde pa mango kuseri kwa khola, ndiye ofesi yanga ndi pomwepo. Pamsonkhano wa pakompyuta ndimavala shati ndi tayi, kumunsiku kabudula ndi patapata. Tambala wa apongozi akalira pakati pa msonkhano mabwana amafa nako kuseka, mpaka anamupatsa dzina loti Supavaiza. Ine ndanenepa, ana andizolowera, ndipo geni ya tomato ya Tawina pamsika ikuyenda bwino.

Sabata yatha kunabwera uthenga woti kuyambira mwezi wamawa aliyense azipezeka muofesi Lolemba mpaka Lachisanu, wosafuna atsanzike. Mutu unaima. M'malo mouza munthu, ine nzeru zinathamangira kumimba: kodi masuti aja akundikwanabe? Ndinatsitsa sutikesi, n'kuipukuta fumbi pakhonde, masuti onse n'kuwayanika pachingwe kuti achoke fungo. Tawina anali kumsika.

Apa ndiye ndinaziputa. Ndinaiwala za a Golden, omwe anali amuna a alamu anga a Enifa, akulu ake a Tawina. Iwonso anayamba choncho. Anachapa zovala zonse, anapukuta chikwama, n'kunena kuti apeza ntchito ku Limbe, azibwera Loweruka lililonse. Loweruka lawolo mpaka pano silinakwane, ndipo tikumva kuti ali ndi banja lina ku Bangwe.

Apongozi aakazi ataona masuti ali ndandanda pachingwe sanandifunse kanthu, pajatu timaopana. Anangotumiza mawu kumsika. Tawina anafika pakabaza, tomato atasiyira anzake. Ndinafotokoza zonse bwinobwino, koma iye anangoti: "A Golden nawonso ankalongosola bwino chonchi."

Pano pakhomo pazizira. Chakudya ndikulandira, koma nthabwala zatha. A Enifa akangondiona amayamba kung'ung'udza nyimbo yotsanzikana ya kutchalitchi. Malume ake a Tawina atumiza uthenga kwa ankhoswe anga, achimwene a Stanford ku Chileka, kuti abwere Loweruka adzamve za ulendo wa akamwini.

Aphungu, mkazi wanga ndimamukonda ndipo sindikuthawa. Koma ntchito ndikaisiya tidya chiyani? Zobwerera kutauni Tawina wakanitsitsa, akuti sangasiye nyumba yakeyake kukalimbirana bafa ndi alendi. Mnzanga wina akuti ndipeze kachipinda ku Ndirande, ndizibwera kumapeto kwa sabata. Nanga si mawu a Golden omwe aja amenewo? Ndithandizeni, Loweruka layandikira.

W.L., Lirangwe

*

A W.L.,

Pepani, ndaseka, makamaka za Supavaiza. Koma apongozi anuwo sakupenga ayi. Anaonapo kale sutikesi ikupukutidwa pakhonde, ndipo amene anatonthoza a Enifa ndi iwowo.

Kulakwa kwanu n'kumodzi: masuti anamva nkhaniyi mkazi wanu asanaimve. Pepesani pa chimenecho lero lomwe, ndipo musayambe ndi "komatu". Mukatero khalani pansi awiriwiri, mumufunse Tawina kuti iye akuona kuti mutani. Munthu woyendetsa geni pamsika wa Lirangwe sasowa nzeru za mayendedwe.

A Stanford aimbireni foni musanakumane Loweruka, amve kwa inu, asadzadzidzimukire pamkeka. Pabwalopo musakakwiye kuti akufanizirani ndi a Golden. Mukalole kuti Tawina ndi amene akafotokoze zomwe mwagwirizana. Zikatuluka pakamwa pa mwana wawo, malume ndi apongozi akazimva msanga kuposa zochokera kwa mkamwini.

Kuntchito nako musangogonja chamumtima. Pezani anzanu okhala kutali, mukapemphe limodzi kuti masiku ena muzigwirirabe kunyumba, mukaonetse kuti zaka zonsezi ntchito sinaime. Mutu umodzi susenza denga. Akakana, ntchito musaisiye. Ku Lirangwe si ku Joni, minibasi zimalowa m'tauni m'mawa uliwonse. Muzidzuka limodzi ndi Supavaiza, msana uwawa, thiransipoti ikulumani, koma muzigona kwanu. Funsaninso ngati pali wa galimoto wochokera ku Mdeka kapena ku Lunzu woti muzisonkherana naye mafuta.

Za kachipinda ka ku Ndirande, pakali pano musayerekeze. Mawu oti "ndizibwera Loweruka" pakhomo panupo anawola kale. Ulendo wa tsiku ndi tsiku ukadzakukanikani, mudzakambirane, chipindacho akasankhe ndi Tawina ndipo kiyi wina adzakhale wake.

Komanso ngati pali khitchini kapena khola lomwe munkati mudzamanga, yambani kuumba njerwa sabata ino. Mkamwini wothawa saumba njerwa, ndipo akumudzi zimenezo amaziwerenga bwino.

Sutikesi ija musaibwezere pomwe munaitenga. Mupatseni Tawina akaipereke kwa mayi ake pamaso pa ankhoswe, azisungiramo mtedza wa mbewu. Inu kachikwama ka laputopu kakukwanirani.

Chenjezo langa ndi ili: tsiku loyamba kuofesi anzanu adzakukokani kuti mukachezeko pang'ono, poti papita nthawi. Akaneni, kakwereni minibasi dzuwa likadalipo. Tawina sadzakuuzani, koma adzakhala akuyang'ana kumsewu.

Aphungu