Mayeso atsalira ku Chileka

Lachinayi madzulo. Mutu ukuwawa, mtima sunatsikebe.

Dzulo ndinakonza mayeso a masamu pa laputopu kunyumba kuno ku Chileka, ndikudalira kuti alowa okha mufoni ngati masiku onse, bola laputopuyo ikhale yoyaka. Ndafika kusukulu ku Lirangwe, foni ikungoti ikudikira laputopu. Ana akhala kale m'kalasi, ahedi akungondiyang'ana. Ndazimitsa foni, ndayatsanso, ndasintha simu, mpaka ndakwera pachulu ngati mbuzi kusaka netiweki. Osatheka. Ana abwerera osalemba.

Pofika kunyumba ndapeza laputopu yakulungidwa bwinobwino m'chitenje. Amuna anga akumwetulira: "Munaiwala kuzimitsa, amake Tadala. Ndazimitsa ine kuti ipumeko."

Tsiku lonse ndakhala ndikutukwana netiweki yosalakwa. Iwo mpaka pano akudikira kuti ndinene zikomo, koma ine ndikangotsegula pakamwa...