Bedi Lopinda la Amalume

Kakumbi
10 Novembala 1970

Okondedwa alongo anga a Edith,

Sekeranitu pano, chifukwa kutsogoloku simuseka. Mlongo wanu wophunzira ku koleji anamezedwa ndi bedi pamaso pa mkazi wake Margaret ndi amalume a Jairos. Ndimati ndiwaonetse kagonedwe kake, miyendo ya bedi n'kupindika, ine m'kati ngati nsomba m'mono. Margaret anachita kundikoka mwendo.

Amalume anachokera ku Mnkhanya mu Seputembala, ati adzacheze masiku awiri. Itatha sabata ali pamphasa, msana ukuwawawa, Margaret anati tikhometse bedi lamatabwa. Ndinakana. Nyumba ya sukuluyi mukuidziwa: bedi likalowa, tebulo lituluka, nanga mabuku a ana ndizichongera pati? Ndiye ndinakatenga bedi lopinda la nsalu ya tenti kwa mnzanga wophika ku kampu ya azungu oona nyama.

Amalume analizungulira kawiri.

"Aphunzitsi, awa si machira onyamulira odwala? Mwaona chiyani pa ine?"

"Azungu amagona pomwepa, amalume."

"N'chifukwa chake sakhalitsa."

Analasa penipeni. Alongo, za tebulozo zinali zoona, koma sizinali zonse. Ndinkaopa kuti bedi lamatabwa limeretsa mlendo mizu. Poti mlendo safunsidwa tsiku lopita, ndinasiyira bedi kuti lizindifunsira. M'mawa uliwonse akatuluka kukasukusula, ndinkalipinda mwaphokoso n'kuliimika kuseri kwa chitseko, pambali pa thumba lawo. Masabata asanu ndi awiri, osaphonya.

Dzulo analipinda okha, bwino kuposa ine, n'kutsanzika. Ndinawakweza panjinga mpaka pamphambano, mumtima ndikuimba nyimbo. Atatsika anayang'ana kumbali.

"Njovu zinagwetsa nkhokwe yanga mu Ogasiti. Sizinasiye ngakhale chitsononkho. Ndimadikira kuti mango apse. Apsa tsopano."

"Amalume, bwanji osanena?"

"Kwa mwana wa mlongo wanga ndikachitenso kunena?"

Ndinagwira thumba lawo, ndinati tiyeni tibwerere. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, monga ankachitira potilanda mpeni tili ana.

"Pitani, aphunzitsi, belu lilira. Munandisunga bwino."

Ndinaima pomwepo mpaka malaya awo anazimiririka m'mitengo ya tsanya. Sanacheuke.

Alembereni, chonde, inu amakumverani. Muwauze kuti mvula isanatseke njira abwerere kuno. Koma za nkhokwe musatchule, anandiletsa kuuza munthu.

Moni kwa alamu ndi ana onse ku Kitweko. Margaret akuti ndikupatseni moni. Ndi mawu okhawo amene wandiyankhula chibwerereni ku mphambano.

Ndine mlongo wanu,
Langford