Nkhope Yotsala M'galasi

Lachinayi, 16 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino, ndi kuti bondo la alamu lija linaleka kuvuta. Ine moyo ulipo, koma mtima suli m'malo. Musadabwe kulandira kalata yapamanja kuchokera kwa munthu amene mumati anabadwa atafumbata foni. Foni ndayamba kuiopa, chifukwa munthu akhoza kukulanda n'kuwerenga zonse. Ndiye mupirire nazo zilembo zokhotakhotazi.

Amene akupatsani kalatayi ndi mayi woluka tsitsi, ali ndi mwana kumbuyo. Chonde alowetseni kaye m'nyumba, muwapatse madzi, kenako mukhale pansi muwerenge. Simukuwadziwa, nawonso sakukudziwani. Amene wawaika m'mavuto ndine.

Mukukumbuka pulogalamu yathu ija ya pa intaneti, imene munkaiseka kuti ndi wailesi ya kanema ya anthu awiri ndi mpando umodzi? Idakalipo, ndipo yakula. Mnzanga uja timamutcha Wailesi chifukwa chosatseka pakamwa ndiye amafunsa alendo mafunso. Ine ndimajambula, kenako n'kudula ndi kulumikiza pa kompyuta. Sitilinso tokha. Tilipo oposa makumi atatu tsopano, ena amalemba nkhani pa masamba awo, ena amajambula za mpira ndi za zovala, wina amangojambula maenje a mumsewu ndipo ali ndi omutsatira kuposa tonsefe. Loweruka lililonse timakumana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya penti, momwe tinakhoma mabulangete m'makoma kuti phokoso la magalimoto lisamalowe. Tili ndi lamulo limodzi lomwe latikweza: mmodzi akaponya kanema, ena tonse timamutenga ola lisanathe, aliyense n'kudula kachidutswa kake n'kuika pa tsamba lake. Wochedwa timamunena kuti ndi wakaduka. Lamuloli ndinayambitsa ndine, ndipo ndinkayenda nalo chifuwa patsogolo.

Mwezi watha Wailesi anati tichite nkhani za amayi othawa nkhanza m'mabanja. Mayiwa anavomera titawanyengerera milungu iwiri. Anathawa mwamuna wawo chaka chatha atawathyola nthiti, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa saluni yomwe ankagwirako ntchito. Tinakajambulira mu saluni momwemo, ndipo asanakhale pampando anandigwira mkono n'kundifunsa ngati nkhope yawo idzaoneke. Ndinayankha mwamatama, achemwali. Ndinati, "Mayi, ngakhale amene anakuberekani sadzakuzindikirani."

Ndipo ntchito ndinaigwiradi. Nkhope ndinaiphimba ndi kamtambo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu ndinawasintha n'kukhala ngati a bambo wachimfine, ngakhale chipsera cha padzanja ndinachibisa. Ndinamuonera kanemayo kasanu. Kasanu konseko maso anga anali pa kamtambo kangako, kusirira luso langa. Sindinayang'ane pakona ya kumanja, pomwe panatsamira kagalasi kaja amaonetsera makasitomala kumbuyo kwa mutu. M'kagalasimo nkhope yawo ikuoneka yonse, misozi ili m'masaya, kwa mphindi zinayi zathunthu.

Tinaponya Lolemba m'mawa. Pofika masana anzathu onse anali atachita mbali yawo mokhulupirika. Woyamba kuona kagalasiko anali munthu wina wa m'ndemanga, amene analemba moseka kuti wojambula wathu akapimitse maso. Kanema wathu ndinamuchotsa pomwepo, koma madzi akatayika saoleka. Ndinaimbira anzathu mmodzimmodzi, ambiri anachotsa. Wa maenje uja anati kachidutswa kake kayenda kuposa chilichonse chimene waponya chaka chino, ndimulole mpaka mawa. Kunja kwa gulu lathu kuli anthu osawadziwa amene anali atakoka kale n'kumatumizirana pa mafoni. Wina anachita kukakulitsa kagalasiko n'kukazunguliza ndi mzere wofiira.

Ndinapita kukawauza mayiwa. Ndinawapeza akuluka kasitomala, ndinadikira amalize. Nditawaonetsa sanakalipe, bola akanakalipa. Anayang'ana foniyo nthawi yaitali, kenako anayamba kutolera zipeso zawo n'kumaziika m'chikwama chimodzichimodzi. Kwawo sangapite, n'koyamba kumene mwamuna wawo angakawafunefune, ndiye Wailesi anawatengera kunyumba kwake tikuganiza chochita.

Tsono kumapeto kwa kanema aliyense timalemba dzina la wojambula ndi komwe timapezeka, kuti a malonda azitipeza. Dzulo masana ndili ndekha m'chipinda chathu chija, ndinamva munthu akukwera masitepe mosafulumira. Anali bambo wovala bwino, malaya ositidwa, nsapato zonyezimira. Anandipatsa moni mwaulemu, anakhala pa mpando wa alendo asanauzidwe, n'kuyamba kuyamikira pulogalamu yathu. Anati saphonya ndi imodzi yomwe. Kenako anatulutsa foni n'kundionetsa kagalasi kaja, ndi mzere wofiira womwe.

"Awa ndi akazi anga," anatero motsitsa mawu. "Mutu wawo suyenda bwino, amafunika mankhwala. Imeneyi ndi saluni iti, achimwene?"

Ndinanama kuti kanemayo anachita kutitumizira anthu ena. Anamwetulira n'kunditchula dzina langa lonse, monga linalembedwera kumapeto kuja. Anaimirira, anapita kukhoma n'kusisita bulangete limodzi, n'kufunsa ngati n'zoona kuti munthu atakuwa muno, apanja sangamve. Ndinati n'zoona, pakamwa panayankha pokha. Anabwera kudzaima pafupi mpaka ndinamva fungo la sopo amene anasambira.

Apa ndi pamene pali pondichititsa manyazi, koma ndinena. Sanandikhudze ngakhale ndi chala, koma dzina la saluniyo linali litafika kale palilime, ndipo la Wailesi linali pambuyo pake. Chinandipulumutsa ndi wogulitsa penti, amene anakuwa pansipo kuti mwini galimoto yotseka khomo aichotse msanga. Bamboyo anakonza kolala yake, anati ndiganize bwino, adzabweranso tsiku lomwe ndidzakhale ndi mpata. Atatsika ndinakhala pansi penipeni.

Wailesi wakanena kupolisi, alemba zonse, ati tiwaimbire bamboyo akangoonekera. Koma iye akuwadziwa masitepe athu, ife tsiku lake sitikulidziwa. Anzathu ena akuti tijambule nkhaniyi tiponye kuti achite manyazi. Ndawapempha mogwada kuti asayerekeze. Ndikamva munthu akukwera masitepe ndimathamangira kukakhoma chitseko, ngakhale akhale wobweretsa penti. Ndili ndi mantha, achemwali, mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Pempho langa ndi ili. Mayiwa asagone kwanu kupitirira masiku awiri. Inu kuntchito kwanu kuchipatalako mumadziwana ndi amayi amene amasunga anzawo othawa chotere. Apezereni malo, ndipo malowo musandiuze. Musamuuzenso Wailesi, kapena wina aliyense wa gulu lathu, chifukwa ife tinazolowera kuti chilichonse chofika m'manja timagawana. Ine ndadzidziwa dzulo kuti ndine munthu wotani. Bambo uja akadzandigwira pakhosi ndidzanena zonse zomwe ndikudziwa, ndi kwanu komwe ndidzatchula. Ndikufuna pofika tsikulo zomwe ndikudziwa zikhale zitatha ntchito.

Perekani moni kwa alamu, muwapepesere kuti ndawabweretsera moto pakhomo osawafunsa, ndipo masiku ano geti azikhoma ngakhale masana. Ana muwauze kuti amalume awo sabwera patchuthi chino, kamera ija ndinawalonjeza adzaigwira ulendo wina. Amayi athu musawauze kanthu, mtima wawo mukuudziwa. Akafunsa za ine muziti ntchito ikuyenda. Mayi amene akhala patsogolo panuwo ndimafuna kuwapepesa m'mawa uno, koma ndangowanyamulira chikwama. Ngati angalole kumva, muwauze kuti ndikudziwa chimene ndawalanda.

Kalatayi musayankhe, mukawerenga muiotche. Ndipo ndikadzaimba foni n'kufunsa komwe mayiwa ali, ngakhale ndilire, ngakhale ndilumbire kuti zonse zatha, mudzadziwe kuti m'chipindamo sindili ndekha. Mudzadule foniyo, achemwali, musadzandimvere chisoni.

Ndatha ine mlongo wanu,
Mzime wa amayi