Mayi Wolongolola wa ku Area 15

Area 15,
Lilongwe.
22 Okutobala 1975.

Jobu ali m'chipatala ndi chikuku, ndipo diso lake lakumanja silikutseguka. Ndikuopa kuti mwana wanga achita khungu.

Okondedwa Amayi,

Pepani kuti ndayamba ndi zoopsa ndisanakupatseni moni. Bambo a Jobu kulibe, adabwerera ku Zomba kukalongedza katundu wa ofesi yawo imene ikusamukira kuno, ndipo sakudziwa kanthu.

Tikusamuka paja mudandilangiza kuti m'tauni ndizipewa munthu wolongolola. Mudati ameneyo kanthu kakang'ono amakakokera tsiku lonse, pakamwa osatopa. Ndidam'peza pakhomo penipeni. Ndi a Nyagondwe a ku Rumphi, amuna awo ndi kalaliki wa boma, ndipo ife tikukhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo. Mzere wonse umangoti "Wolongolola uja." Amakangana ndi ogulitsa nkhuni, amakangana ndi oyendetsa malole a mchenga chifukwa cha fumbi pa zochapa zawo. Ngakhale a Navin a sitolo ya nsalu ku Old Town akawaona amayeza kawiri. Ine ndinkangopereka moni n'kuthawira m'nyumba.

Jobu atatuluka chikuku ndidachita monga timachitira kwathu. Ndidamutsekera m'nyumba kuti asawombedwe mphepo, n'kumamufinyira madzi a masamba m'maso. Lolemba a Nyagondwe adalowa osaodira.

"Mwana ali kuti? Bwanji sakuthamangitsa nkhuku zanga?"

Atamuona adandilanda masamba aja n'kuwataya panja. "Iwe Efelo, maso a mwana ndi ndiwo kodi? Bereka msanga!"

Ndidati tidikire bambo ake.

"Bambo akewo abwera ndi maso ena ku Zombako?"

Kuno mabasi ndi osowa. Iwo adakaima pakati pa msewu n'kuimitsa lole ya mchenga yopita ku City Centre. Dalaivala adati, "Mayi inu mwayambanso? Ndili pantchito ine!"

Iwo adati, "Fumbi lako ndameza chaka chonse, lero unyamula mwana uyu. Apo ayi undiponde."

Adalongolola mpaka bamboyo adatembenuza lole kulowera ku chipatala. M'njira monse ankamukalipirabe kuti akuyendetsa ngati wanyamula mazira.

Adokotala amutsuka maso, ndipo lakumanzere latseguka dzulo. Jobu adandiona, Amayi, n'kunditchula. Adokotala akuti tikadachedwa pang'ono, maso onse awiri akadafa. Lakumanja akuti tidikire.

Dzina la Wolongolola lija tsopano likundikanika kutchula. Kulongolola amalongololadi, sindinganame, m'mawa uno andikalipira kuti ndapatsa mwana phala lozizira. Koma anthu ofatsa a mumzere wathu onse ankadziwa kuti Jobu akudwala, ndipo ankangoti pepani ali kuseri kwa mpanda. Ndikamapemphera ndimathokoza Mulungu chifukwa cha pakamwa pomwe paja.

Agness, mlongo wake wa Jobu, akumusunga ndi a Nyagondwe, koma nayenso wayamba kutentha thupi, ndipo ine sindingachoke pambali pa Jobu. Mupereke moni kwa amalume ndi onse ku Ntcheuko. Pobwera munyamuleko mtedza wa a Nyagondwe. Adzati ndi wowola, koma adzalandira.

Kalatayi andikakamiza kulemba ndi iwo. Ati mukapanda kufika Loweruka abwera okha kudzakutengani, ndipo mudzi wonse udzamva. Chonde Amayi, musadikire zimenezo. Kwerani basi yoyamba, bwerani mudzagwire Agness. Ndekha sindingathe.

Ine mwana wanu,
Efelo.