Lole ya Nthungululu pa Maliro a Yona

Bangwe, Blantyre
18 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Ellard,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, kupatula chiperoni chimene chikutilowa m'mafupa. Cholembera chili m'manja mwa mlamu wanu Eliness, pakamwa ndi panga, ndiye mukaona mawu ena asowa mudziwe kuti wadula ndi iyeyu.

Mwakhala mukufunsa za mwana wanu Olive, ngati ubwana umene anamupatsa ku kampani ya Nthungululu akuutha kapena ukumulemera. Khalani pansi achimwene, pakuti sabata yathayi mpando uja unatsala pang'ono kumupulumuka.

Paja kampaniyi imaika nyimbo, masewero ndi nthano pa foni, ndipo ine amandijambula mawu kumeneko. Tsono pofuna kuitanira anthu ku chionetsero chachikulu kuno ku Bangwe, anatulutsa lole ya masipika kuti izizungulira m'makwalala. Kale madalaivala ankazimitsa zotsatsa za kampani n'kumaika nyimbo zawo, ena mpaka kukaimika lole kwa chibwenzi. Ndiye a bodi, akuluakulu amene anaikamo chuma chawo, analamula kuti batani lozimitsira lichotsedwe m'galimoto, jenereta aitsekere m'bokosi lachitsulo, woyatsa ndi wozimitsa akhale wa pa kompyuta ku ofesi. Olive naye anavomera. Kunena zoona, tonse tinati ndi nzeru.

Lachitatu lole ija inakhotera kanjira ka kuseri kwa msika, pa chiwongolero pali mnyamata wofatsa dzina lake Nedson. Kumeneko kunali maliro a Yona, kalipentala uja anakhoma denga la nyumba ya amayi. Masamba anali atayala kale pamsewu. Inu mukudziwa, pa masamba wanjinga amatsika, wawailesi amazimitsa. Nedson anawaona, anaima, anavula chipewa, koma dzanja kufufuza batani, batani palibe. Aimbe ku ofesi, wa pa kompyuta wapita kukagula chipisi. Abwerere chambuyo, kumbuyo kwadzaza anthu obwera kumaliro.

Ndipo mukudziwa chimene chinkalira m'masipikamo? Mawu angawa, achimwene! Nthano ija ya munthu amene anaveka jekete mbuzi yakuba n'kuikweza minibasi, anthu ojambulidwa akuseka kuti kwakwakwa, pamene amayi a mvano akuimba m'siwa. Anyamata anatchinga lole ndi miyala, kulanda makiyi, kudula mawaya ndi chikwanje. Dzuwa lisanalowe kanema wa zochitikazo anali pa foni iliyonse, anthu akulumbira kuti chionetsero cha Nthungululu m'Bangwe muno sichichitika.

M'mawa mwake anandiitana ku ofesi poti mawuwo anali anga. Ndinapeza wapampando wa bodi, a Hawkins, atakhala kale, mafoni awiri patebulo, wachitatu m'manja.

"Nkhani yake njachidule," anatero. "Dalaivala achotsedwe lero. Tilembe pa Fesibuku kuti kampani yakhumudwa ndi khalidwe la wantchito mmodzi. Mawa anthu aiwala."

Olive anati, "Bwana, batani tinachotsa ndi ife, inu ndi ine. Nanga Nedson walakwa chiyani?"

"Mwana iwe, kampani sipepesa ndi mawondo, imapepesa ndi chikalata. Ukapita kumaliroko ndiye wavomera mlandu. Ukatuluka pakhomopo Nedson usanamuchotse, Lolemba pampandopo pakhala wina."

Mwana wanu anangotsegula kabati, kutulutsa chitenje, kumanga pamwamba pa siketi ya ku ofesi, nsapato zagogoda kuvula n'kuvala zapansi. Kenako anati, "Bambo aang'ono, tiyeni mundilondolere pakhomo pa a Yona. Nedson, nawenso tiye."

Titafika pa masamba paja tinatsika galimoto n'kuyamba wapansi. Mnyamata wina anakuwa, "Eee, madala a mbuzi aja ndi awa! Jekete mwaisiya kuti, madala?" Mnzake, "Lero mwabwera ndi nthano yanji?" Ine maso pansi. Olive osacheuka. Anagwada pakhomo, analowa m'siwa, anakhala pamphasa pakati pa amayi, foni atazimitsa. Anakhala pomwepo kufikira malume ake a malemu atatuma munthu kuti mlendoyu atuluke amuone. Pamenepo anagwadanso n'kunena kuti, "Ndine mkulu wa kampani ija. Wolakwa si dalaivalayu, ndine. Ndabwera kudzalira nanu, ndipo chimene mutiuze tichita."

Malume aja anamuyang'ana, kumuyang'ana, mpaka ine ndinati basi tamenyedwa. Kenako anati, "Lole yanuyo yatitsekera njira kuyambira dzulo. Poti ilipo, inyamule anthu kupita kumanda. Masipika anu aphokosowo muwalumikize, abusa alalikirepo kuti akumbuyo amve nawo."

Achimwene, mukanaona! Anyamata omwe anadula mawaya aja ndi amene anakhala pansi kuwalumikiza, akukangana kuti wofiira alowa pati. Nedson anatuta anthu, agogo kuwakweza kutsogolo. Olive anathera kuseri kwa nyumba, kutunga madzi ndi kutsuka mbale, mayi wina akumukalipira kuti sakuchapa bwino mapoto, osadziwa kuti akukalipira bwana. Pochokera kumanda, malume aja anaimirira pa maikolofoni ya kampani yomweyo n'kunena kuti, "A Nthungululu anatilakwira dzulo, lero alira nafe. Amene akusungabe nkhaniyi akusunga yake, si ya banja lino."

Loweruka, tsiku la chionetsero chija, bwalo linadzaza, ena m'mitengo, ena pamadenga a magolosale. A Hawkins anabwera atavala magalasi akuda, ndikuganiza kudzaonerera mipando yopanda anthu, koma anasowa ndi poimika galimoto pomwe. Ine ndinasimba nthano mpaka mawu kusasa.

Lolemba bodi inakumana. Ine ndinakhala pabenchi panja ngati woperekeza wodwala. Zam'kati anandiuza ndi a Zubeda, mayi wa mashopu a ku Limbe amene ali m'bodimo. Akuti a Hawkins atayamba zoti mtsikanayu sanamvere lamulo, iwo anawadula: "Chabwino. Amene akufuna kumuchotsa akweze dzanja, ndipo yemweyo ndi amene akalengeze ku Bangwe, wapansi." Manja onse anakhala pansi pa tebulo. Potuluka a Hawkins anandigwira paphewa n'kuti, "Madala, mwana wanuyu ndi wamakani." Ine ndinati, "Bwana, ndiye simunawaone bambo ake." Tsopano batani alibwezera m'lole, Nedson ali pa chiwongolero, ndipo Olive ali pampando wake.

Mukapeza munthu wobwera kuno munditumizire mafuta aja opaka m'mawondo. Eliness akupereka moni, ana onse akupereka moni, a kumpingo akufunsa kuti mubwera liti. Moni wotsiriza ndi wa a Magdalena, mkazi wa malemu Yona. Dzulo ndinapita kukawazonda, ndinawapeza atakhala pakhonde, mpango wakuda kumutu. Anandigwira dzanja osalisiya, n'kunena kuti, "Mukamawalembera bambo ake a mtsikana uja, muwauze kuti ine nkhope yawo sindiidziwa, koma mmene analerera mwana ndaona. Akadzabwera asadzangodutsa pakhomo pano osalowa."

Ndiye ndakuuzani, achimwene.

Ine mng'ono wanu,
Howard