Njingayi Sindiisiya, Achimwene

Lishan,
9 Novembala

Okondedwa Achimwene a Tsung-ming,

Landirani moni wochokera kuno kumapiri. Kaya muli bwanji kwathuko ku Penghu, inu, alamu anga ndi ana? Nanga mawondo a Amayi akuti bwanji ndi mphepo yapanyanja yayambayi? Ine kuno ndili bwino. Phewa lija linapola, mkono ndikuukweza mpaka m'mwamba osamva kanthu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni mumayankhula ndinu nokha, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka khutu kutentha. Papepala pano mundimva mpaka kumapeto.

Lolemba lapitali abwana anga pachipatala chathu chino, mayi Tseng, anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti munawaimbira. Akuti munawapempha kuti andichotse pa ntchito yoyendera odwala m'midzi, andikhazike pa tebulo lolembera mayina, chifukwa mlongo wanu samva ndipo tsiku lina adzakamutola kunsi kwa phompho. Achimwene, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Unamwino ndaugwira zaka khumi ndi chimodzi. Ndinaima pamaso pa abwana anga ngati kamwana kamene kholo lake labwera kudzakanenera kwa aphunzitsi. Manyazi a tsiku limenelo anapweteka kuposa phewa.

Kugwa ndinagwadi mu Seputembala muja, sindikukana. Koma simunandifunse kuti ndinagwa bwanji. Chifunga chakuno chimakwera kuchokera m'chigwa dzuwa likangopendeka, ndipo sichichenjeza. Nyali yaikulu ya njinga yanga yamoto ili pamwamba, komanso ndi yoyera. Ikamenya chifungacho kuwala konse kumakubwerera m'maso, umangokhala ngati wayang'anizana ndi khoma lopaka laimu. Pothera tala sindinapaone, gudumu lakutsogolo n'kulowa mu ngalande. Sindinkathamanga, sindinkasinza. Vuto linali nyali basi.

Milungu iwiri imene ndinagona ndi phewa lomanga, kumudzi wakumtunda kwenikweni sikunapite munthu, poti galimoto ya chipatala siikwana kanjira kakumeneko. Kumakhala agogo a Hayung, bambo a zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, odwala shuga, ali ndi chilonda pachidendene chofunika kutsuka pakapita masiku awiri alionse. Tsiku limene ndinabwererako, fungo linandichingamira ndisanalowe m'nyumba. Iwo anangoseka, amvekere, "Wabwera, mwana wa kunyanja? Ife timati nsomba zakuitana kwanu." Ine kuseka kunandikanika. Adokotala ataona chithunzi cha chilondacho anati ndikanachedwa mlungu wina phazi likanadulidwa.

Ndiye ndinaitanitsa nyali ziwiri za LED, zachikasu, zomanga m'munsi pafupi ndi gudumu kuti kuwala kuzikwawa pansi pa chifunga. Zitafika ndinapita nazo kwa bambo Kuo, amakanika okhawo m'tauni muno. Anazitembenuza m'manja n'kunena kuti ali ndi ntchito mpaka mwezi wamawa. Kenako anawonjezera kuti nyali yoyenera munthu wamkazi ndi ya kukhitchini, siithyola phewa. Azibambo omwe anakhala pabenchi n'kumamwa tiyi anafa nacho chiseko. Ndinawauza kuti chabwino, andibwereke sipanala ya nambala teni ndi pulayasi. Anandipatsa akusekabe, ati ndikazibweze pamodzi ndi zidutswa za njingayo.

Lamlungu ndinaikankhira kuseri kwa nyumba za anamwino, pafupi ndi poyanika zovala. Foni ndinaitsamiritsa pa chidebe kuti ndizionera kanema wophunzitsa, kuimitsa, kubwereza, kuimitsanso. Ndinayamba n'kuchotsa waya wakuda pa batire monga amanenera. Tizitsulo togwirira nyali tinandivutitsa, tinali tatikulu pa chitsulo cha njinga, mpaka ndinadula chubu chakale n'kukulunga pakati kuti zigwirane. Mawaya ndinawadutsitsa pansi pa thanki, kutali ndi injini kuti asapse, n'kuika fyuzi pafupi ndi batire, switchi pachiwongolero chakumanzere. Polumikiza paliponse ndinakulunga tepi mosamala ngati ndikumanga bala. Nditasindikiza switchi zonse ziwiri n'kuyaka, ndinavina ndekhandekha pakati pa mashiti achipatala.

Sindikubisirani, ndinalakwitsa. Ndinazilumikiza ku batire mwachindunji, ndiye zinkayaka ngakhale kiyi ali m'thumba. Tsiku lachitatu ndinaziiwala zili chiyakire pokalowa m'nyumba masana. M'mawa njinga inangoti zii. Ndinaikankha mpaka pamtsetse wa kumsika, chikwama cha mankhwala kumsana, thukuta lili kamukamu. Azimayi osankha zipatso pashedi ya pamsikapo anayamba kukuwa: "Anesi, lero yadwala ndi njinga? Ibayeni jakisoni!" Ndinawayankha kuti akonzeke, ndikatha njingayi ndibwera kwa iwo. Inalira nditatsika theka la mtsetse.

Madzulo ake ndinagula kabokosi kakang'ono kotchedwa rile, kamene kamachititsa kuti nyali ziziyaka pokhapokha kiyi akatembenuzidwa. Chinandisokoneza n'choti kamafunika kulumikiza ku waya amene amakhala ndi moto kiyi akayatsidwa, ndipo pansi pa mpando pali mawaya ngati zingwe za ukonde. Ndinabwerera kwa a Kuo. Anasuzumira ntchito yanga nthawi yaitali, kukoka waya uyu, kugwedeza nyali iyo. Kenako analoza ndi ndudu yawo, ati, "Wofiirira uyo. Osati wofiira, wofiirira." Sanayamikire, koma za kukhitchini sanazibwerezenso.

Vuto lina linabwera ndi A-Tu, dalaivala wa lole yonyamula kabichi kuchokera m'minda yakumtunda. Tinakumana pakona ina, iye akukwera ine ndikutsika. Anaimitsa lole pakati pamsewu, kutulutsa mutu pawindo, mano ali psuu ndi mtedza wofiiritsa m'kamwa umene amakonda kutafuna. Amvekere, "Iwe nesi! Odwala akuchepera kuti uyambe kuphulitsa anthu maso? Timaso ta mphaka wakoti tiweramitse!" Ndinapsa mtima, koma ankanena zoona, zinali zoloza m'mwamba. Mawa lake ndinaimika njinga moyang'ana khoma la chipatala, kujambula mzere wa choko m'munsi mwa bondo langa, n'kuziweramitsa mpaka kuwala konse kunakhala pansi pa mzerewo. Kuyambira pamenepo tikakumana amangoimba hutala kawiri n'kulira ngati mphaka.

Tsopano mumve za Lachinayi lapitali, patangopita masiku atatu chichokereni mu ofesi muja. Mvula inali itagwa masiku awiri. Ndinkachokera kwa agogo a Hayung cha m'ma fili koloko masana, chifunga chili goo, moti dzanja lako lomwe ukalitambasula limaoneka ngati la munthu wina. Ndinkayenda pang'onopang'ono, maso pa mzere woyera wa m'mphepete mwa msewu, umene nyali zachikasuzo zimauonetsa bwino. Mwadzidzidzi mzere uja unangothera m'malere. Ndinamanga mabuleki. Nditatsika n'kuyenda mapazi asanu, ndinapeza theka la msewu kulibe, lagumukira kuchigwa. Madzi ankamveka kunsi kutali.

Ndinachita mantha, Achimwene. Ndinagwada pansi pomwepo. Ndili chigwadire ndinakumbukira kuti pochoka kumtunda ndinasiya A-Tu akumaliza kupakira kabichi. Ndinadzuka, kutembenuza njinga, kubwerera mpaka kuseri kwa kona, n'kuiimika pakati pamsewu moyang'ana kumtunda, nyali zili chiyakire, chala pa hutala. Sipanatenge nthawi injini inamveka. Lole inaima pafupi kwambiri moti ndinamva kutentha kwake kumaso.

A-Tu anatsika akutukwana, ati kodi ndapenga. Ndinangomugwira mkono n'kupita naye pogumuka paja. Anayang'ana, kulavula zimene ankatafuna, n'kukhala pansi pa tala wonyowa. Kenako anati, "Ine iwe sindinakuone. Njinga sindinaione. Ndinangoona timaso tija." Tinaimbira a zamisewu, n'kudikira limodzi mpaka anabwera kudzatseka. Ine ndinadutsa mbali yotsalayo ndikukankha njinga, iye lole anaisiya komweko.

Dzulo m'mawa A-Tu anafika pachipatala ndi kabichi zisanu ndi imodzi m'thumba, kuzikhutula pa tebulo la mayi Tseng, n'kuwafotokozera zonse mokweza moti odwala onse pabenchi anamva. A Kuo nawo akuti akuuza aliyense kuti anandiphunzitsa ndi iwo. Asiyeni.

Musaganize kuti nkhani yathera pamenepo. Mayi Tseng anandiuza mosabisa kuti ntchito yanga alibe nayo chifukwa, koma mawu anu anawalemba m'buku, ndipo akuwalemera. Akuti china chitandichitikira, anthu adzati a kubanja anachenjeza koma chipatala sichinamve. Agamula pa 20 mwezi uno.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbirenso, pa nambala yomwe ija munaifufuza nokha, muwauze kuti mawu aja mwawabweza. Simukuyenera kunama kuti mwasiya kuopa. Mungowauza kuti za ntchito ya Pei-lan azikambirana ndi Pei-lan mwini wake, ineyo.

Ndikudziwa chimene chinakuimbitsani foni. Chimwalirireni Bambo, mumadziona kuti mukalekerera pang'ono tonse tibalalika. Nanenso mphepo ikamakuntha inu muli panyanja ndi boti mtima umakhala m'mwamba, koma sindinaimbirepo mwini boti kuti akutsitseni. Mukachita mantha muziuza ineyo. Ndikalipeni ngati mukufuna, ndinazolowera. Koma kuseri kwanga ayi.

Mukapanda kuimba, pa tebulo lolembera mayina ndikhalapo, poti amenewo ndi malamulo a pantchito. Koma njingayi ndi yanga, Loweruka ndi Lamlungu ndi anga, ndipo mwana wamkazi wa agogo a Hayung wanena kale kuti bandeji azigula yekha. Chilonda chija chatsala kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndichiona chitatsekeka, kaya ndili mu yunifolomu kaya ayi.

Za msewu wogumukawu Amayi musawauze, ndiwauza ndekha Lamlungu, ndipo sindichotserapo kanthu. Muwathokoze chifukwa cha mtedza ndi nsomba zouma zija, anzanga anandithandiza kudya mpaka ndinachita kubisa zotsala. Moni kwa alamu anga a Hsiu-chin, muwauze kuti juzi ija ikugwira ntchito kwambiri kuno. Moni kwa ana onse awiri, kwa azakhali ndi amalume a ku Magong. Chaka chatsopano ndibwera, ndipo tidzakangana bwino maso ndi maso.

Pa 20, Achimwene. Ofesi amatsegula eyiti koloko.

Ndatha ine mlongo wanu,
Pei-lan