Zithunzi za M'bokosi la Masipanala

Lachiwiri, 14 Meyi

Wokondedwa mwana wanga Kadiso,

Ndine bambo ako, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, ndipo dzanja ili ndi langa. Zilembo ndinaphunzirira pa mabogi a sitima, ndiye zikamakhota usaseke. Kuno tili bwino, kupatula bondo ndi diso lakumanzere limene layamba chifunga. Kaya iwe, amuna ako ndi mdzukulu wangayo?

Kalata yako inafika. Ukuti mwanayo akufunsa ntchito imene agogo ake ankagwira, ndipo ulibe chomuonetsa. Kenako walemba kuti, "Pepani bambo, zithunzi zija ndikanapanda kuziwononga." Mawu amenewo andikhazika pakhonde masiku atatu. Zaka makumi atatu zadutsa, iwe ukupepesabe.

Unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene aphunzitsi ako anakubwereka kamera ija. Unatitsata kunjanji tsiku lonse, diso limodzi chotsinzina, mpaka anzanga anakupatsa dzina limeneli. Ukuwakumbukira a Ndevu? Anakuwa kuti, "Iwe Kadiso, undijambule mbali ino, inayo ili ndi mwini wake kunyumba!" A Mluzu n'kuyankha, "Musiyeni mwana, filimu ingapse ndi nkhope imeneyo." Tinaseka mpaka a kapitawo anatikumbutsa kuti sitima sidikira nthabwala.

Ntchito yanga unaiona. Ndinkayenda m'mbali mwa njanji ndi nyundo, kugogoda chitsulo n'kutchera khutu. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee mpaka patali. Chosweka chimangoti gu, ngakhale kunja chikuwala. Ukachimva chotero umagwada, n'kufufuza ndi zala pamene pali mng'alu.

Tsopano umve bwino, mwanangu, pakuti ndalemba ndi kufufuta kanayi. Filimu ija sinapse. Sunalowetse kuwala kulikonse.

Ndinaipititsa ndine kwa wotsuka zithunzi, ndipo zonse khumi ndi ziwiri zinatuluka. Iye anandifunsa kuti, "Wajambula ndani? Ameneyu ali ndi diso." Ndinatsegula envelopu nditakhala pa benchi ya pasiteshoni. Ndinaona munthu atagwada pa miyala, ovololo yong'ambika pabondo, girizi mpaka m'zigongono, a kapitawo ataima pamwamba pake akuloza ndi chala, ndipo munthuyo ndinali ine. Ine ndinali nditasita jekete langa lakuda kuti undijambule nditaima pafupi ndi injini ngati munthu, koma iwe unati, "Ayi bambo, ingogwirani ntchito." Nditaganiza kuti zithunzizo zikapachikidwa kusukulu, ana a mabwana a pasiteshoni n'kumaloza, mtima unandithawa. Ndinazibisa pansi pa bokosi la masipanala, ndipo ndinabwera kudzakuuza kuti wotsuka akuti unatsegula kamera padzuwa.

Sunalire. Unangoti, "Chabwino, bambo," n'kubweza kamera m'mawa mwake. Sindinakuonenso utagwira ina.

Malemu mayi ako anazipeza chaka china akufuna nyundo yokhomera msomali. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo ake, kunjanji chitsulo chosweka simuchisiya mpaka mawa. Nanga cha m'nyumbachi?" Ndinati ndikuuza ukabwera patchuthi. Matchuthi anabwera n'kupita, iwonso anapita.

Dzulo ndinatsegula bokosilo pawindo pamene pamalowa dzuwa. Zithunzizo sizinasuluke n'komwe, choyera n'choyerabe, chakuda n'chakudabe. A Ndevu alipo, akuseka ndi mano awo atatu aja. A Mluzu asenza thabwa loyalapo njanji, milomo ili chosongoka. Onsewa anagona kale, ndatsala ndekha. A kapitawo aja, nditayang'anitsitsa, sakuloza ine ayi. Akuloza mng'alu umene ndinapeza, umene tinaimitsira sitima ya anthu masana a tsiku lomwelo. Zaka zonsezi ndinkachita manyazi ndi chithunzi chimene sindinachiyang'ane kawiri.

Pali china cha manja okhaokha atagwira nyundo. Ndinawazindikira ndi chala chokhota chija. Sindinkadziwa kuti unkawayang'ana choncho.

Ndikanatha kungozitumiza n'kunena kuti zapezeka mwangozi, koma bodza limodzi landikwana. Unali ndi diso, mwanangu, ndipo amene anakutsinzinitsa ndine. Sindikudziwa ngati zoterezi zimakhululukidwa ndi kalata.

Adokotala akuti chifungachi chilowanso diso linalo chaka chisanathe. Ndikufuna tidzaziyang'ane limodzi ndikadaona, undiuze chimene unkaona iweyo. Ngati mtima sulola, nena, ndizikulunga bwino n'kutumiza, pakuti n'zako. Ovololo ija ilipo, njenjete zinangolawa kolala. Ukapeza kamera, ngakhale yobwereka, ndidzaivala, ndipo bondo likalola ndidzagwada.

Upereke moni kwa amuna ako. Mdzukulu wangayo umuuze kuti agogo ankamvetsera chitsulo, ndipo amene anawajambula bwino ndi mayi ake. Undiyankhe, Kadiso, ngakhale mzere umodzi wokalipa, koma ulembe zilembo zikuluzikulu.

Ndine bambo ako,
amene akudikira pakhonde.